Ndijambulire Mlamu Wanga

Basi ya ku Zomba inachedwa tsiku limenelo, monga inkachitira masiku onse. Pa siteji ya Songani anthu anali atatopa n'kudandaula, ena atakhalira matumba awo, ena akutafuna nzimbe. Eluby yekha ndiye analibe nazo ntchito. Anali atatsamira mtengo wa mango, kope pabondo, akujambula ndi pensulo mayi wina wogulitsa nthochi amene ankasinza pambali pa lichero lake.

"Pepani achemwali, mayiwa mwawapempha?"

Eluby anadzidzimuka n'kutseka kope msangamsanga. Chinali chaka cha 1992, ndipo munthu akakuima kumbuyo mtima unkayamba wagunda usanatembenuke n'komwe. Koma atatembenuka anaona mnyamata wamtali, wa kampata pakati pa mano, akumwetulira ngati anadziwana kalekale.

"Sindinalakwe kanthu," anatero Eluby.

"Mwalakwa kwabasi. Mwawajambula akugona. Akadzuka akuuzani kuti iwo sagona pa geni!"

Eluby anaseka asakufuna.

"Ine ndine Malcolm, ndine kalaliki ku Zomba. Tandionetsani bwinobwino. Aaa! Ndi ntchentche ya pa nthochi yomwe mwaiikamo! Kodi inu mumasiyako kanthu?"

"Ndimangojambula zimene ndaona. Dzanja limapita lokha."

"Ndiye dzanja limeneli ndikufuna ndilidziwe mwini wake."

Basi itabwera anakhala mpando umodzi. Pofika ku Zomba, Malcolm anali atadziwa kuti Eluby amathandizira kuphunzitsa Sitandade 1 pa sukulu ina pafupi ndi Domasi Mission, komanso nambala ya bokosi la makalata la sukuluyo.

Makalata anayamba kugwa sabata yomweyo.

"Elu wanga, duwa la m'chigwa cha Domasi, ndikati ndilembe za muofesi cholembera chikulemba dzina lako. Abwana andikalipira kawiri. Ukandikana ndisiya kudya. Wako mpaka kumanda, Malcolm."

Wosiya kudyayo ankafika pa Songani Loweruka lililonse masaya ali phuliphuli, koma mtsikana wa zaka makumi awiri amaona zimenezo? Eluby ankawerenga kalata iliyonse mpaka pepala kufewa. Anagwa m'chikondi, chogwa osagwira pansi.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene sanamuuze. Mchimwene wake Isaki, amene anachoka kumudzi ali kamnyamata, ankagwira ntchito pa makina ochulukitsa makalata pa kampani ina ku Blantyre. Chaka chimenecho m'dziko munkayenda timapepala topanda dzina todzudzula boma, ndipo tina mwa timeneto tinatuluka m'makina a Isaki. Anzake awiri ananyamulidwa pantchito pomwepo ndipo sanamvekenso. Isaki anathawa. Omufunawo anali ndi dzina lake koma nkhope yake analibe, pakuti zithunzi ziwiri zimene zinali pakhomo amayi anaziponya pamoto.

Anthu ankauzidwa kuti anapita ku Joni. Zoona zake, anali pa Naisi pomwepa, pa khonde la Che Sumaili, telala amene anali bwenzi la malemu bambo awo. Anasunga ndevu, anavala chisoti cha Chisilamu, ndipo makasitomala ankamuitana kuti Hassani. Amayi okha ndiwo ankapitako mwa apo ndi apo, ngati munthu wodzasoketsa zigamba. Eluby ankangomuona pawindo la basi, kamphindi chabe, ndipo sankaloledwa ngakhale kukweza dzanja.

"Mwananga," amayi ankatero, "moyo wa mlongo wako uli pakamwa pako. Angakufunse ndi abusa, Isaki ali ku Joni. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndi mnyamata wako wa makalatayo yemwe."

"Malcolm si wotero, amayi."

"Sindinati ndi wotero. Ndati Isaki ali ku Joni."

Mwezi wa Ogasiti kunabwera kalata ina.

"Wapamtima wanga, iwe Zomba umangoidziwa msika ndi chipatala. Loweruka ndikuyendetsa wapansi m'likulu lakale lonse, uone nyumba zimene ankalamuliramo dziko, zithunzi za akatswiri anzako ndi chipilala cha asilikali. Utenge kope lako. Ndili ndi mawu amene sangakwane mu envelopu."

Mawu osakwana mu envelopu! Eluby anabwereka nsapato za mnzake, zomupana pang'ono, ndipo Loweruka m'mawa anatsika pa depoti ya Zomba mtima uli m'mwamba.

Anayamba ndi kumtunda. Anakwera msewu wa mitengo ikuluikulu, phiri litawaweramira, n'kulowa m'munda wa maluwa wa m'mbali mwa Mulunguzi, mmene mitengo ina inali ndi timatabwa ta mayina. Malcolm ankadziwa chilichonse. Iyi inali nyumba ya mzungu wolamulira, iyi ankasungiramo mapepala a boma, umu ankaweruziramo milandu likulu lisanasamukire ku Lilongwe. Koma Eluby anaona kuti anthu odutsa m'misewu imeneyi ankayenda mwachangu, maso ali pansi, ndipo palibe ankaloza nyumba ndi chala kupatula Malcolm.

Atafika moyang'anana ndi Nyumba ya Malamulo, dzanja la Eluby linayabwa. Anatsegula kope n'kuyamba kukoka mizere ya denga.

"Iwe! Ukulemba chiyani pamenepo?"

Mlonda wa mfuti anali atawoloka kale msewu. Anatsomphola kope lija n'kuyamba kulitembenuza.

"Wakutuma ndani? Ukudziwa kumene amapita anthu ojambula nyumba za boma?"

Eluby anaganiza za amayi, za Isaki, za mafunso amene akamufunse m'chipinda chotseka. Kodi akakamumenya adzatha kunenabe kuti ku Joni?

"Bambo, tiyeni tilankhule pambali," anatero Malcolm, mofatsa ngati akupempha machesi.

Anayenda naye mapazi angapo. Eluby ankangoona misana yawo. Posakhalitsa mlonda uja anabwerera, n'kumupatsa kope lake ndi manja awiri.

"Pepani mayi. Yendani bwino."

Manja awiri? Munthu wa mfuti kupereka kope ndi manja awiri kwa mtsikana wa nsapato zobwereka?

"Wamuuza chiyani?" anafunsa Eluby atapita patsogolo.

"Ndi wakwathu, anaphunzira ndi achimwene anga. Usaope, duwa langa. Ukakhala ndi ine palibe angakukhudze."

Anamugwira dzanja, ndipo Eluby analimeza funso lake. Munthu amene wangokupulumutsa kumene umamufunsa zambiri bwanji?

Anatsikira ku holo ina kumene ophunzira zaluso anapachika zithunzi zawo. Eluby anali asanaonepo zithunzi za penti zazikulu choncho. Panali phiri la Mulanje, amayi akusinja, ndi bambo wina wa nkhope yobiriwira amene anamuseketsa mpaka kugwira pakamwa.

"Onsewa umawaposa," Malcolm anamunong'oneza. "Awa amajambula zoganiza. Iwe munthu ukamujambula amachita ngati ayankhula."

Pakhoma la kumapeto panali msomali wopanda chithunzi, kapepala ka dzina katang'ambidwa. Eluby anafunsa bambo woyang'anira holoyo.

"Apa panali chiyani, bambo?"

"Chinapita kokakonzedwa," anayankha akuyang'ana pansi.

"Nanga mwini wake?"

Bamboyo anayang'ana Eluby, anayang'ana Malcolm, n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale.

Eluby anatuluka thupi likuzizira ngakhale dzuwa linali paliwombo. Anadya mabanzi ndi Fanta pa golosale, kenako analowera msewu wa ku Blantyre. Nsapato zija zinali zitayamba kumudya zidendene. Anadutsa pafupi ndi ndende, pamene amayi ena anakhala m'mbali mwa msewu atafukata timbale tomanga pansalu, osalankhulana. Eluby anathawitsa maso n'kufinya dzanja la Malcolm.

"Tibwerere, ndikuopa."

"Tafika kale. Taona!"

Chipilala cha asilikali chinaima patsogolo pawo, nsanja yaitali ya njerwa zofiira, wotchi ili pamwamba. Anakwera masitepe. Malcolm anamuonetsa mayina a anthu amene anafera ku nkhondo ya azungu, ndipo Eluby anawerenga ena mwa iwo akuwatsata ndi chala.

"Khala apa, Elu. Mawu aja ndi awa." Anamugwira manja onse awiri. "Ndikufuna ndikukwatire. Osati za m'makalata ayi. Ndikufuna chinkhoswe, amalume anga abwere kwanu, dziko lonse lidziwe."

Mantha onse a tsikulo anasungunuka. Misozi inalengeza.

"Ukunena zoona, Malcolm?"

"Ndikanama ndife lero lomwe. Sindidzakusiya, sindidzakuliza. Koma pali vuto limodzi, wokondedwa. Amalume akabwera alankhula ndi ndani? Bambo ako anatisiya, amalume ako unati nawonso anatisiya. Mwini mbumba ndi Isaki. Popanda iyeyo palibe angakupereke."

Apa Malcolm sananame. Kwawo kwa Eluby mtsikana sakwatiwa mwini mbumba asanavomere, ndipo zimenezi n'zimene zinkamusowetsa mtendere chiyambire makalata aja.

"Achimwene ali ku Joni," anayankha, ngati mwana wolakatula ndakatulo.

"Ndikudziwa. Tidzawalembera. Koma ine zikundiwawa kuti mlamu wanga sindimudziwa ngakhale nkhope. Taona anthu ali pakhomawa, mayina okhaokha. Ndani akudziwa kuti ankaoneka bwanji? Chithunzi chake uli nacho?"

"Palibe."

"Nanga dzanja ili ndi la chiyani? Ndijambulire mlamu wanga, Elu. Ndikawaonetse amalume kuti munthu wokalankhula naye ndi uyu."

Eluby anazengereza. Amayi anati pakamwa. Za dzanja sananene. Ndipo pali choipa chanji kuti mwamuna wako adziwe nkhope ya munthu amene ali kutali ku Joni?

Anatsegula tsamba latsopano. Poyamba ankati angojambula maso ndi mphuno basi. Koma panali patatha miyezi isanu asanamve mawu a mchimwene wake, ndipo pensulo itangokhudza pepala, kumusowa konse kunatsikira m'zala. Anaiwala chipilala, anaiwala nsapato, anaiwala ndi Malcolm yemwe. Ankapaka mthunzi ndi m'mbali mwa dzanja, akumwetulira yekha. Atamaliza anang'amba tsambalo n'kulipereka monyadira.

Malcolm analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mkhristu wa ku mishoni, chisoti ichi n'cha chiyani?"

Eluby anasuzumira, ndipo mtima unaima. Sanajambule Isaki wa ku Blantyre wometa bwino uja. Anajambula amene ankamuona pawindo la basi: ndevu, chisoti, tepi yoyezera m'khosi, gudumu la makina osokera pansi pa dzanja, ndi mzati wa khonde kumbuyo kwake. Mayo! Sanasiyeko kanthu.

"Ndi... ndi za ku Joni. Anatilembera kuti amasoka."

"Anakulemberani ndi ndevu zomwe?"

Malcolm anaseka, koma kuseka kwake kunathera pamano.

"Bweretsa ndikonze, sindinajambule bwino."

"Wajambula bwino kwambiri." Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. "Likhala apa, pamtima."

Kuyambira pamenepo munthu uja anasintha mayendedwe. Amene m'mawa ankaima pa mtengo uliwonse tsopano ankaponya mapazi ngati wathawidwa ndi basi, Eluby akutsimphina pambuyo.

"Ndiime kaye kuofesi, ndaiwala makiyi a kunyumba. Undidikire pa mpandapa."

Ofesi yake inali nyumba yopanda chikwangwani, kuseri kwa mitengo, makatani otseka. Pabwalo panaima Landirova yopanda nambala. Ukalaliki wanji wa Loweruka masana? Eluby anayandikira pang'onopang'ono mpaka pansi pa windo, akupemphera kuti amve nkhani ya makiyi.

"Mwabwera nacho?" anafunsa mawu a bambo wina m'katimo.

"Ndi uyu, bwana," anayankha Malcolm. "Akusoka pa khonde, wavala ngati Msilamu. Mtsikanayu amangoyenda msewu umodzi, wa Domasi kudzafika kuno. Ndi pa Naisi kapena pa Songani, ndipo pa Songani matelala onse ndikuwadziwa."

"Miyezi itatu ya Fanta sinapite pachabe. Itanani dalaivala."

Bambo uja anaseka. Eluby anachoka pawindo paja n'kuvula nsapato.

Malcolm atatuluka anamupeza ataima pakati pa njira, nsapato zili m'manja.

"Ndibwezere pepala langa."

"Elu..."

"Ndibwezere, Malcolm! Ndakugwira mwendo, ndibwezere!"

"Lapita kale."

"Unati sudzandiliza! Pa chipilala pompaja, lero lomweli! Makalata onse aja, duwa langa, wapamtima wanga, unkalemba uli m'nyumba imeneyi?"

Malcolm anayang'ana kuwindo, n'kutsitsa mawu.

"Pa Songani anachita kundituma, n'zoona. Koma zinazo sanandilembere munthu. Ndimakukonda, Elu. Ukuganiza kuti ndikanabwera chimanjamanja akanandisiya? Nanenso ndili ndi amayi."

"Ndiye wasankha kuti alire anga?"

Malcolm anayang'ananso kuwindo.

"Wamutchula mlamu," anatero Eluby, mawu akuduka. "Wamutchula mlamu ndi pakamwa pako."

"Tamvera. Dzina lako sindinalilembe paliponse. Kwera basi upite kwanu, usaime panjira. Ukaima sindingathe kukuteteza."

Anatambasula dzanja kuti amukhudze tsaya. Eluby analikankha n'kuliyatsa liwiro.

Anathamanga wopanda nsapato kudutsa m'tauni, miyala ikumucheka, anthu akumupatukira. Pa depoti basi ya ku Liwonde inali itaima, injini ili zii, kondakitala akutokosa m'mano.

"Bambo, inyamuka nthawi yanji?"

"Ikadzaza, chemwali."

"Chonde, kuli matenda!"

"Onsewa kwawo kuli matenda. Khalani pansi."

Anakhala pansi bwanji? Anatuluka n'kuyamba kuthamanga mumsewu wa ku Liwonde, akuimitsa galimoto iliyonse. Yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsa. Yachitatu inali Landirova ija, ndipo inamupitirira n'kumusiyira fumbi m'kamwa.

"Ambuye, atayike njira! Ayambe pa Songani! Achimwene akhale atapita kumsika!"

Lole ya njerwa ndiyo inamumvera chisoni. Anakwera kumbuyo, ndipo inkakwawa ngati yatopa ndi moyo. Asanafike pa Naisi anaiona Landirova ikubwerera. Malcolm anakhala kutsogolo. Maso awo anakumana, ndipo Malcolm ndiye anayamba kuyang'ana kumbali. Kumbuyo lona linali lotsitsa, lomanga zingwe.

Pa Naisi panali zii. Mashopu anali otsekula, anthu analipo, koma aliyense anali wotanganidwa ndi kuyang'ana katundu wake. Pa khonde la Che Sumaili mpando unali utagwa chagada, chisoti chili mu ngalande. Pa makina panali nsalu ya maluwa achikasu, singano idakali m'kati.

Amayi anali pomwepo, atakhala padothi, mpango utagwa.

"Amayi!"

"Amutenga," anatero, osalira, mawu ali pansipansi. "Ndinali pano, mwananga. Amutenga ndikuona ndi maso angawa, ndipo sindinathe kunena kuti ndi mwana wanga."

Eluby anagwada pambali pawo. Amayi analoza nsalu ija.

"Ndinabwera kudzatenga diresi lako. Ndinamuuza za mnyamata wako wa makalata. Anasangalala, anati ngati ndi munthu wabwino iye avomera, ndipo mlongo wake asadzachite manyazi a kuchimuna akadzabwera. Amati angomaliza mpendero."

Eluby anachotsa maso pa nsalu ija.

Che Sumaili anaimika mpando uja. Magalasi awo anali atasweka mbali imodzi.

"Ine ndinalumbira, mayi. Ndinati uyu ndi Hassani, mwana wa mlongo wanga wa ku Mangochi. Akanandikhulupirira. Wallahi, akanabwerera! Koma wamtaliyo anatulutsa pepala n'kuliika pafupi ndi nkhope yake."

"Pepala lanji?" anafunsa amayi. "Zithunzi zonse ndinawotcha ndekha."

"Sichinali cha kamera. Cha pensulo. Ndevu zake, tepi, makina angawa, ndi mzati uwu womwe. Ndakalamba ine, sindinaonepo chotere. Amene anajambula ndi munthu womudziwa bwino, ndipo ndikuuzani, ndi munthu womukonda."

Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mapazi a mwana wawo otuluka magazi, nsapato zobwereka zija, ndi kope limene anali atalipanira kukhwapa.

"Eluby."

"Amayi."

"Tandionetsa manja ako."

Eluby anawatambasula. M'mbali mwa dzanja lamanja munali mudakali bii ndi pensulo.